Ndinapita kukamva chimbale, ndinakapeza zina: ku kilabu timalipirira chiyani?

Mtchona_wa_Joni
Abale, ndithandizeni maganizo, mwina ndi ukalamba wayamba. Loweruka lapitali anyamata a kuntchito anandikokera ku kilabu ina kuno ku Johannesburg, usiku wa amapiano ndi afro house. Malo sinditchula, DJ wakenso sindimutchula, sindikufuna kuipitsa munthu. Chinandikopa n'choti pa chithunzi cholengezera panali dzina la mnyamata yemwe chimbale chake ndakhala ndikumvera mu taxi popita kuntchito mpaka ndinachiloweza.

Tinalowa cha m'ma 10 usiku. Mwini dzina anatulukira 2 koloko itadutsa, anaimba ngati ola limodzi, n'kuzula kafulashi kake, ulendo. Mu ola limenelo nyimbo za m'chimbale chija ndinazindikira ziwiri zokha, nazonso anazidula pakati, woimba asanafike pomwe ndimapakonda. Zina zonse sindinazimvepo chibadwire, koma anthu ankakuwa ngati akuzidziwa. Ndiye ndikufunsa: munthu amatulutsiranji chimbale ngati pa siteji sachiimba? Ndinabedwa, kapena ndine amene sindikudziwa gule wake?

Tsabola_Wakale
Simunabedwe achimwene. Munangolowa tchalitchi cha eni mutanyamula buku la nyimbo la kwanu.

Mtchona_wa_Joni
Nanga si pakhomo anandilipiritsa ndalama zenizeni, a Tsabola.

BeziYokha
Akulu, vuto n'loti munapita ndi mutu wa kumudzi. Kwathu ukapita ku Black Missionaries, kapena nthawi ya malemu Lucius Banda, umadziwa kuti nyimbo yomwe umaikonda ibwera, ikachedwa mumakuwa nonse mpaka bandi iimbe. Pamenepo chimbale ndi siteji ndi chinthu chimodzi. Kwa DJ sizili choncho. Ntchito yake usiku umenewo ndi kusakaniza nyimbo kuti anthu asachoke pa bwalo, zikhale zake kapena za anzake.

Ndipo zomwe simunazidziwezo ndiye zomwe anthu ena analipirira. Ma DJ a amapiano amayenda ndi nyimbo zosatuluka, zomwe amazitcha ma exclusive. Munthu wapanga nyimbo Lachitatu mu studio, Loweruka akuiyesera pa anthu. Akaona kuti bwalo lagwedezeka, amaisunga. Anthu amajambula kachidutswa pa foni, kakuzungulira pa TikTok, ndipo pofika nthawi yoti ituluke mwalamulo, ana a ku Soweto ndi ku Pretoria anaitopa nayo kalekale. Ndiye chimbale chomwe inu mwaloweza mu taxi, kwa mwini wake ndi ntchito ya chaka chatha. Amene ankakuwa aja mwina anazimva Loweruka linalo kwina, kapena ankangokuwira log drum, kugunda kolemera kuja kwa bezi ya amapiano.

Za kudula pakati: taonani kutalika kwa nyimbo za m'zimbale zimenezi. Zambiri ndi mphindi 6, 7, zina 8. Mphindi zoyambirira kumangomveka maseche ndi ng'oma, mawu kulibe. Sikuti wopangayo anasowa chonena. Malo amenewo anasiyira DJ kuti alowetsere nyimboyo pamwamba pa inzake yomwe ikutha. Nyimbo inapangidwa kuti idulidwe.

Mai_a_Tada
Ine ndiye zimenezo zimandinyansa. Mphindi zitatu tsetsetsetse, madzi a nsima mpaka kuwira woimba asanatsegule pakamwa.

Chitsulo_cha_Njanji
Tisanamizane apa. Munthu waima kuseri kwa tebulo, wabaya fulashi, wadina batani, manja m'mwamba. Ndi luso limenelo? Ine ndinakula ndikuona anthu akutuluka thukuta pa gitala, zala kuchita kutupa. Awa ndi akuba ovala magalasi akuda usiku.

Kadzidzi_265
A Chitsulo, tsiku lina mudzaime pafupi ndi tebulo lija muone manja. Pamakhala makina awiri kapena kuposa, ma CDJ aja a Pioneer, pakati pali mixer. Nyimbo ina ikumveka kwa anthu, inzake akuimvera yekha mu hedifoni, akuilinganiza liwiro kuti ng'oma zigwere pamodzi. Amapiano amagunda cha pa ka 112 pa mphindi, house cha pa 120 kupita m'mwamba, ndiye wofuna kuchoka kwina kupita kwina ayenera kukwera pang'onopang'ono ovina osazindikira. Kenako amachotsa bezi ya nyimbo yoyamba n'kulowetsa ya yachiwiri, chifukwa mabezi awiri akagundana chimamveka ndi phokoso la chigayo. Ndikuvomera kuti makina a masiku ano ali ndi batani lolinganiza okha, ndipo alipo aulesi amene amangodalira limenelo. Koma batani silikuuza kuti anthu atopa, apatse yofatsa apume, kapena kuti atsikana a kutsogolo ayamba kuyang'ana mafoni, sintha msanga.

Chitsulo_cha_Njanji
Nanga uja amaimba ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba? Si matama amenewo?

Gogo_wa_House
Pepani a Chitsulo, apo ndiye mwaponda pangozi. Mukunena Black Coffee, dzina lake Nkosinathi Maphumulo. Dzanja lamanzere lija linafa mu 1990, ali mnyamata, galimoto itawomba khamu la anthu lomwe linkasangalalira kutulutsidwa kwa Mandela m'ndende. Zonse zomwe a Kadzidzi afotokozazo iye amachita ndi dzanja limodzi.

Poti mwamutchula, iyeyu ndiye chitsanzo chabwino pa funso la a Mtchona. Chimbale chake cha 2021, Subconsciously, ndi chomwe chinapata Grammy mu 2022 pa zimbale za dance ndi electronic. Muli Pharrell Williams, muli Usher, muli Diplo, muli David Guetta. Nyimbo zake n'zazifupi, zosalala, zoti wayilesi ya ku America iike popanda kudandaula. Koma kamuoneni akuimba ku Hï Ibiza, kilabu ya ku Spain, komwe wakhala akugwira Loweruka lililonse nyengo ya chilimwe cha ku Ulaya, kapena onerani makanema ake pa YouTube. Ndi munthu wina. Ng'oma zolemera, nyimbo za achinyamata omwe mayina awo simunawamvepo, mawu apa ndi apo. Wopita kumeneko kukafuna Usher abwerera ali ndi nkhope ngati ya a Mtchona.

Ine kwanga, chimbale chake chenicheni ndi Home Brewed cha 2009. Ndi mmene muli nyimbo ija anaimba ndi Bucie, yomwe Drake anadzaitenga n'kuikonzanso mu 2017. Nthawi imeneyo ndinali nditangofika kuno, ndimagona ku Yeoville, ndipo panalibe shopu ya foni kapena saluni yomwe simkamveka chimbale chimenecho. Chotsatira ndi Africa Rising cha 2012, chomwe anajambula pa bwalo la Moses Mabhida ku Durban pamodzi ndi gulu la oimba mavayolini. Grammy anaipereka ku chimbale cholakwika, kungoti azungu anachedwa kudzuka.

Nambewe_wa_ku_Randburg
Agogo, ulemu wanu, koma ndikukana. Subconsciously si chimbale choipa, n'chimbale cha ntchito ina. Ine ndimachiika Lamulungu masana ndikuchapa, kapena ndikuyendetsa pa N1 usiku. Munthu sungamvere ng'oma za 3 koloko m'bandakucha tsiku lonse. Komanso Msaki ali mommo, Sun-El Musician ali mommo, sikuti anataya akwawo. Inu mumakonda Home Brewed chifukwa munali ndi tsitsi nthawi imeneyo.

Gogo_wa_House
Za tsitsi zalowa bwanji apa, mwana iwe?

Tsabola_Wakale
Zalowa chifukwa tinakuonani pa ukwati uja.

MwanaWaNdirande
Inu mukukamba za madala. Funso la a Mtchona linali la amapiano. Ine ndikuti alipo amene chimbale chake ndi seti yake, zomwe amasakaniza pa siteji, zimafanana: Kelvin Momo. Tengani Ivy League cha 2021, Amukelani cha 2022, Kurhula cha 2023. Zimbale zimenezi n'zazitali, kupitirira maola awiri, ndipo ukaziika umamva ngati uli pa malo ochezera dzuwa likulowa. Piyano wofatsa, lipenga, gitala wa jazi, log drum yosachita ndewu. Ndi zomwe amazitcha private school. Ukapita kukamuona sudabwa, mzimu wake ndi womwewo ngakhale nyimbo zikhale zatsopano.

BeziYokha
Momo ndimamulemekeza koma zimbale zake zimafuna munthu wopanda ntchito. Ndani ali ndi maola atatu? Pakati pake nyimbo zimayamba kufanana, sudziwa ngati uli pa ya chi 9 kapena ya chi 19. Kabza De Small anachita mwanzeru mu 2020 pa I Am the King of Amapiano: Sweet & Dust. Anachigawa pawiri, dzina likunena lokha: mbali yokoma ya mawu ndi yoimba nawo, mbali ya fumbi ya pa bwalo. Ameneyo anazindikira vuto la a Mtchona asanalifunse. Anadziwa kuti ali ndi anthu awiri, wa mu taxi ndi wa mu kilabu, aliyense anamupatsa mbale yake.

MwanaWaNdirande
Koma chabwino cha Kabza ndi KOA II cha 2022, osati chimenecho. Nyimbo ija ali ndi Msaki ili ngati pemphero. Mayi anga, a mvano enieni, anandifunsa kuti ndi kwaya ya kuti.

Nambewe_wa_ku_Randburg
Ndipo musaiwale kuti zonsezi zinaphulika ndi Scorpion Kings mu 2019, Kabza ali ndi DJ Maphorisa. Anthu amamunyoza Maphorisa kuti amangokwera pa misana ya ana, koma ndi iye anabweretsa oimba mawu ambiri mu amapiano mpaka wayilesi zinayamba kuika. Poyamba zinali zida zokhazokha, zoyenda pa WhatsApp. Sha Sha, mtsikana wa ku Zimbabwe uja, anadutsira momwemo mpaka kukapata mphoto ya BET mu 2020.

Mlonda_Usiku
Ine ndingofunsa a Mtchona: munabwerako bwanji 3 koloko? Chifukwa nkhani ya makilabu a kuno si nyimbo zokha. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda pafupi ndi malo otere, zomwe ndimaona potuluka anthu n'zomvetsa chisoni. Munthu waledzera, waima pamsewu, foni ili m'manja akudikira galimoto yomwe waitanitsa. Njinga yamoto kapena kagalimoto kangodutsa, foni yapita. Itanitsani muli m'kati, tulukani galimoto itafika, onani nambala yake musanakwere. Chikwama cha mapepala anu musapite nacho kovina.

Mtchona_wa_Joni
Tinali anayi, mmodzi samwa, ndiye anayendetsa. Koma mnzathu wina foni inapita m'kati momwemo, pa nthawi yomwe magetsi anathimitsidwa dala bezi ikubwerera. Anthu anadumpha onse, pomwe amakhazikika thumba linali lopepuka.

Mai_a_Tada
Ndiye mwati mitengo ya zakumwa? Mlamu wanga anandiuza kuti malo ena sukhala pampando usanagule botolo lathunthu, ndipo limabwera ndi atsikana atanyamula timoto tothetheka. Ndalama ya botolo limodzi kumudzi ndi matumba a feteleza.

Tsabola_Wakale
Timoto timeneto ndi tolengeza kuti lendi ya mwezi uno yapsa.

Wa_Mvano_Weniweni
Ine ndikungodabwa kuti anthu a mabanja mukuchezera usiku wonse Loweruka. Lamulungu m'mawa mumadzuka bwanji? Tinabwera kuno kudzasaka, osati kudzavina.

Kadzidzi_265
Amayi, gule ndi wa aliyense. Kumudzi komwe anthu amachezera pa mchezo wa chinamwali kapena pa ukwati mpaka tambala kulira, m'mawa n'kupita kumunda. Munthu wagwira ntchito masiku 6 m'munda wa bwana kapena pa shopu, usiku umodzi aloledwe kutuluka thukuta la iye mwini.

Wa_Mvano_Weniweni
Pa mchezo sankalipiritsa pakhomo.

Kadzidzi_265
Apo mwandigwira.

Chembere_ya_Liverpool
Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ndikuseka chifukwa kuno ku England madandaulo a a Mtchona sangamveke n'komwe. Kuno anthu amapita ku usiku wa techno kapena drum and bass osayembekezera kudziwa nyimbo ngakhale imodzi. Chipinda chamdima, utsi, DJ sakuoneka bwino, palibe wolankhula pa maikolofoni, palibe botolo la timoto. Malo ena amamata kapepala pa kamera ya foni yako polowa kuti usajambule. Ukazindikira nyimbo zambiri, ena amati DJ ameneyo ndi waulesi, sanafufuze.

N'chifukwa chake kuno chomwe anthu ankagula pofuna kukumbukira usiku sichinali chimbale cha nyimbo za munthu mmodzi, koma CD ya mix. Kilabu ya fabric ku London inkatulutsa ma CD otere kwa zaka zambiri, DJ mmodzi CD imodzi, nyimbo zolumikizana osaima. A Mtchona, mukafuna kudziwa zomwe mukagule pakhomo, musamvere chimbale. Sakani seti ya munthuyo pa YouTube, kaya ya Boiler Room kaya Balcony Mix ya Major League DJz. Imeneyo ndiye sampulo yoona.

Koma nkhani yomwe imandisangalatsa ndi iyi. Mumzinda uno wa Liverpool munayamba usiku wa nyimbo zoterezi cha m'ma 2000, dzina lake Chibuku Shake Shake. Inde, chibuku chathu chomwechi cha m'mapaketi. Mmodzi mwa oyambitsa, Will Jameson, anakhalako ku Malawi ali mnyamata, dzina analitenga kumeneko. Ndi yemweyo anadzayambitsa Lake of Stars, yoyamba ku Chintheche mu 2004. Tsiku loyamba kuona dzinalo pa khoma ndinaima pamsewu n'kuseka ndekha, ana a sukulu ya ukachenjede ali pamzere mu chisanu kudikira kulowa ku Chibuku, osadziwa kuti paketi yake umayamba waigwedeza.

MwanaWaNdirande
Achemwali, zoona zimenezi? Ndiye akudziwa kuti chimakoma chikagona masiku angapo?

Chembere_ya_Liverpool
M'katimo chibuku mulibe, achimwene. Dzina lokha.

Namaseko_Area25
Ife tili ku Lilongwe kuno tikungowerenga. Kuno DJ akayesa zomwe mukunenazo, zoika nyimbo zosadziwika ola lathunthu, anthu amupita pa tebulo. Aliyense amabwera ndi foni, "aise, ndiikire iyi." Ndipo amapiano akafika pakati amadulidwa, kulowa afrobeats, kenako za kwathu, kenako rhumba ya madala omwe akugula mowa. Ndiye a Mtchona bwererani kuno, mudzamva chimbale chanu chonse bola mumugulire DJ kamodzi.

Koma funso langa ndi lina. Pa zimbale zonse mwatchulazi palibe cha Mmalawi. Ife tilibe?

Gogo_wa_House
Tili nacho, kungoti kwathu sitinachilabadire. The Very Best: Esau Mwamwaya, mwana wa kwathu, ndi anyamata a Radioclit omwe anakumana nawo ku London, iye akugulitsa katundu wakale wa m'nyumba. Warm Heart of Africa cha 2009, kenako MTMTMK cha 2012, kenako Makes a King cha 2015. Zida za kompyuta, mawu a Chichewa, ndipo mu chimbale choyambacho muli M.I.A. ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend. Azungu ankavina Chichewa m'mafestivo a ku Ulaya ife tikukanganirana za reggae. Ndikafunsa achinyamata a kwathu kuno, ambiri sadziwa n'komwe dzina lake.

BeziYokha
Agogo apa ndiye mwanena. Ndipo chomwe chimandiwawa n'choti ng'oma tili nazo. Log drum yomwe dziko lonse lapenga nayoyi ndi kamawu ka mu FL Studio, pulogalamu yomwe mnyamata aliyense wa studio ku Ndirande kapena ku Kawale ali nayo pa kompyuta. Ambiri amati MDU aka TRP ndiye anaitchukitsa. A ku Durban anatenga zawo n'kupanga gqom, DJ Lag mpaka kukagwira ntchito ndi Beyoncé. Pano kwabwera 3-step, yomwe amachotsa kugunda kumodzi pa kanayi kaja ka house, a Thakzin ndi anzawo. Aliyense akusema kuchokera pa zomwe ali nazo. Ife tikungokopera log drum ya eni n'kuikapo mawu a Chichewa, pomwe manganje, tchopa, vimbuza ndi ng'oma za gule zili phee kudikira munthu.

Namaseko_Area25
Alipo akuyesa, musatinyoze tonse. Vuto n'loti ukapanga ya mphindi 7 yopanda mawu, wayilesi siika, pa ukwati saivina, ndipo malo okhala ndi masipika oti bezi imveke bwino ndi owerengeka. Mnyamata amafuna adye.

Chitsulo_cha_Njanji
Mwaona? Mwabwerera kwa ine. Ng'oma yeniyeni ndi ya chikopa.

Kadzidzi_265
Palibe wabwerera kwa inu, a Chitsulo, khalani pansi.

A Namaseko atchula masipika, ndipo ndi pomwe ndimafuna kufunsa a Mtchona. Chimbale chija mumamvera pa chiyani?

Mtchona_wa_Joni
Pa foni, ndi timahedifoni ta pa shopu ya pakona. Kamodzi kanafa, ndimamvera khutu limodzi.

Kadzidzi_265
Ndiye chimbalecho simunachimvepo, akulu. Mwamva theka lake, la pamwamba: mawu, piyano, maseche. Theka linalo lili pansi penipeni pomwe kasipika ka foni sikafika. Log drum pa foni imamveka ngati munthu akugogoda chitseko. Pa masipika a kilabu siimveka ndi makutu okha, imakugunda pachifuwa, buluku kuchita kunjenjemera, chakumwa m'kapu kuvina chokha. Wopanga nyimbo amaipanga akuganiza za chipinda chimenecho. N'kutheka kuti zina mwa zomwe mukuti simunazidziwe zinali za m'chimbale chomwecho, kungoti munakumana nazo koyamba zili ndi miyendo.

Mtchona_wa_Joni
Za pachifuwazo ndikuvomera. Panali nthawi ina anachotsa bezi yonse, kunangotsala maseche ndi kamawu ka mtsikana kakubwerezabwereza, anthu manja m'mwamba, ena akuimba mluzu, mnyamata wina pafupi nane atatseka maso ngati akupemphera. Anatisunga choncho mpaka ndinayamba kuganiza kuti makina afa. Itabwerera, ndinapezeka ndili m'mwamba nanenso, bondo langa lomwe ndimadandaula nalo osalimva. Zimenezo mu taxi sizichitika.

Koma pa ola limodzi lija sindikusintha. Munthu dzina lake ndi lomwe lili lalikulu pa chithunzi, anthu adikira kuyambira 10, iye n'kuimba ngati akuthamangira basi.

BeziYokha
Amathamangiradi. Usiku umodzi amakhala walembedwa malo atatu kapena anayi, Pretoria, Soweto, Sandton, galimoto ili chilizire panja. Pamenepo ndiye dandaulo lanu lili ndi mutu, ndipo eni malo amadziwa koma salemba nthawi pa chithunzi kuti mubwere msanga muzigula zakumwa. Mukafuna seti yeniyeni sakani usiku womwe alemba kuti munthu mmodzi aimba maola atatu kapena usiku wonse, kapena pitani Lamulungu masana ku malo a ku Soweto komwe zimayamba dzuwa likadalipo. Komanso musamanyoze oyamba aja. Kawirikawiri DJ wa pamalopo, amene amaimba 11 koloko anthu akulowa, ndi amene amasakaniza bwino kuposa mwini dzina.

Nambewe_wa_ku_Randburg
Ndipo gulani totsekera m'makutu ku pharmacy, n'totchipa. Kulira kuja kumamveka m'makutu m'mawa mwake si chizindikiro chabwino.

Mtchona_wa_Joni
Mpaka lero Lachiwiri khutu lamanzere likuimbabe. Ndiye kumapeto kwa mwezi ndani ali ndi galimoto? A Kadzidzi, inu mukaima nane pafupi ndi tebulo mundionetse za mabezi awiriwo. A Chitsulo tikutengani.

Chitsulo_cha_Njanji
Ndibwera ngati kuli mpando ndiponso ngati wina andilipirira pakhomo.

Mlonda_Usiku
Mundiuze tsiku lake msanga ndisinthane shifiti ndi mnzanga. Ndiyendetsa ndine, sindimwa, koma mafuta musonkha.